Kwa mwana wanga amene watopa ndi kutumikira

Mwana wanga wokondedwa,

Mawu amene unandiuza pa foni tsiku lija sanandichoke m'mutu. Unati umadzuka m'mawa uli wotopa kale, ndipo ukagwada kuti upemphere umamva ngati Mulungu wakukwinyira nkhope. Nkhani yotere si yokambirana mothamanga ana akukuitana uku ndi uku, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembere. Uwerenge pamene uli wekha.

Ndimakudziwa, ndinakubala ndine. Ulesi ulibe. Uli mu kwaya, umaphunzitsa ana Lamlungu, umayendera odwala, chakhumi suphonya, kumapemphero a usiku sujomba, ndipo kusala kudya kwakhala ngati chizolowezi chako cha sabata ndi sabata. Kumpingo aliyense amakuyamikira. Koma ulendo uja ndinabwera kudzakuonani, ndinapeza kope lako lili lotsegula pa tebulo, maso anga n'kugwerapo. Masiku amene wawerenga Baibulo ndi kupemphera umachongapo, ndipo masiku amene sunathe umalembapo ndi cholembera chofiira kuti "ndalephera". Pansi pa tsamba lina unalemba kuti mwana watentha thupi chifukwa sabata imeneyo sunasale kudya. Pamenepo mtima wanga unasweka. Kusunga kope si kulakwa. Chimene chinandiwawa n'choti wayamba kukhala ndi Mulungu ngati munthu amene uli naye ngongole, ndipo usiku uliwonse umawerengera ngati lero wabwezako zokwanira kuti akusiye ugone.

Paulo anaiona kale nkhani imeneyi. Pa Aroma 4:4-5 akunena kuti munthu wogwira ntchito akalandira malipiro, sitinganene kuti wapatsidwa mwachisomo, chifukwa ndi zake zimene wakhetsera thukuta. Koma amene sadalira ntchito, n'kukhulupirira Iye amene amayesa osapembedza olungama, chikhulupiriro chakecho chimawerengedwa chilungamo. Ona bwino mawu akuti osapembedza. Mulungu sadikira kuti munthu ayambe wadzikonza, ndiye amulandire. Ndipo pa Aefeso 2:8-9 akuti tinapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, ndi mphatso ya Mulungu, yosachokera ku ntchito, kuti pasapezeke wodzitamandira. Mavesi amenewa unawaloweza uli kamtsikana. Pakamwa pako alipo, koma mu kope lija mulibe.

Yesu ataitana anthu pa Mateyu 11:28 anati, "Idzani kuno kwa Ine nonsenu akulema ndi akuthodwa, ndipo Ine ndidzakupumulitsani inu." Ambiri amaganiza kuti ankanena za otopa ndi umphawi kapena matenda okha. Nawonso akuitanidwa, koma tayang'ana anthu amene ankamumvera. Anali pansi pa aphunzitsi amene Yesu mwini anati amamanga akatundu olemera n'kuwasenzetsa anthu pamapewa, eni ake osafuna kuwakhudza ngakhale ndi chala (Mateyu 23:4). Anali anthu opembedza, otopa ndi kupembedzako. Pa msonkhano wa ku Yerusalemu, pa Machitidwe 15, Petro ananena poyera kuti Chilamulo cha Mose ndi goli limene makolo awo ngakhale iwo eni sanathe kulisenza, ndipo anati tonse timapulumutsidwa ndi chisomo cha Ambuye Yesu. Ngati Petro, amene anayenda ndi Ambuye maso ndi maso, anavomera kuti goli limenelo linamukanika, iwe ukuyesa kulinyamula wekha chifukwa chiyani?

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna uchigwiritse, ndipo ndicho chandichititsa kulemba kalatayi. Mu kalata ya kwa Ahebri, mutu 10, ndime 11 ndi 12, muli anthu awiri: wina waimirira, wina wakhala pansi. Woimirirayo ndi wansembe wa Chipangano Chakale. Tsiku ndi tsiku amaimirira n'kumapereka nsembe zomwezomwezo, zimene sizingathe kuchotsa machimo. Lamulo la pa Eksodo 29 linati mwana wa nkhosa mmodzi m'mawa, wina madzulo, tsiku lililonse, osalekeza. Kamodzi pa chaka mkulu wa ansembe ankalowa m'malo opatulikitsa ndi magazi, chaka chamawa n'kulowanso. Ukawerenga mndandanda wa ziwiya za m'chihema kuyambira Eksodo 25 mpaka 30 upeza likasa, gome, choikapo nyale, maguwa a nsembe ndi beseni losambira, koma mpando woti wansembe apumirepo mulibe. Akanakhala bwanji pansi ntchito isanathe? Ndipo sinkatha. Tsono wolemba kalatayo akutembenukira kwa Yesu n'kunena kuti Iye, atapereka nsembe imodzi ya machimo ya nthawi zonse, anakhala pansi pa dzanja lamanja la Mulungu. Munthu amakhala pansi ntchito ikatha. Pa mtanda paja anafuula kuti, "Kwatha" (Yohane 19:30), ndipo nsalu yotchinga ya m'kachisi inang'ambika kuchokera kumwamba mpaka pansi.

Iwe mwana wanga ukadali chiimirire pa guwa, ukupereka nsembe m'mawa ndi madzulo, pamene Mwini nsembe anakhala pansi kalekale. Kusala kwako, chopereka chako, misozi yako ya pakati pa usiku, palibe chimene chingawonjezere kanthu pa magazi ake. Paulo anachita kunena mosabisa pa Agalatiya 2:21 kuti ngati chilungamo chimabwera mwa lamulo, ndiye kuti Khristu anafa chabe. Ndikudziwa kuti sungayerekeze kunena mawu amenewo ndi pakamwa pako. Koma munthu akamagona ndi mantha kuti lero sanachite zokwanira kuti Mulungu amukonde, mtima wake ukunena zomwezo.

Mulungu wakhala akuchita zinthu mwa dongosolo limeneli kuyambira pachiyambi. Munthu analengedwa tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo tsiku lake loyamba lathunthu linali la mpumulo wa Mulungu, asanalime ngakhale mzere umodzi m'munda wa Edeni. Abrahamu anayesedwa wolungama pa Genesis 15 chifukwa anakhulupirira, mdulidwe n'kubwera pambuyo pake pa Genesis 17, ndipo Chilamulo chinabwera patapita zaka 430, monga Paulo akunenera pa Agalatiya 3:17. Aisraele anayamba atulutsidwa mu ukapolo ku Igupto, ndiye n'kupatsidwa malamulo khumi pa Sinai. Mulungu amayamba wapulumutsa, kumvera kumatsatira.

Kumbukiranso mwana wolowerera uja wa pa Luka 15. Ali m'njira yobwerera kwawo anakonza mawu oti akanene, akuti atate ake amuyese ngati mmodzi wa antchito awo. Ankafuna kukalipira pang'onopang'ono ndi thukuta. Atate ake sanamulole n'komwe kufika pa mawu amenewo. Anaitanitsa mwinjiro, mphete ndi nsapato. Koma amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi mkulu wake. Sanachokepo pakhomo, sanaphwanyepo lamulo, komabe pokwiya anati zaka zonsezi wakhala akugwira ntchito ngati kapolo. Anali mwana m'nyumba ya atate ake, mtima uli wa wantchito. Atate ake anamuyankha kuti iye ali nawo nthawi zonse, ndipo zawo zonse ndi zake. Iweyo tsiku limene unabadwa unali usanandichitire kalikonse. Unkangolira, kuyamwa ndi kugona, ndipo usiku umene unkadwala ndinkakhala nawe maso mpaka kucha. Sindinakufunsepo kuti wandigwirira ntchito yanji kuti ndikufungatire. Utakula unayamba kundithandiza pakhomo, ndipo ndinkasangalala, koma sunakhale mwana wanga chifukwa chotsuka mbale. Ngati ine, munthu wochimwa, ndimadziwa kukonda chonchi, kuli bwanji Atate wako wa kumwamba?

Ndikudziwa chimene undifunse: ndiye tingokhala manja lende? Nanga Yakobo sananene kuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa? Ananenadi, ndipo n'zoona. Paulo yemweyo, atangomaliza kunena kuti chipulumutso sichichokera ku ntchito, pa ndime yotsatira, Aefeso 2:10, akuti tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino. Yakobo akudzudzula munthu amene amati ndimakhulupirira koma mbale wake ali wamaliseche ndi wanjala iye osamuthandiza. Iwe vuto lako si limenelo. Ntchito uli nazo zambiri, kungoti waziika pamalo pa Mpulumutsi.

Tamva za John Wesley. Anali mbusa wodzozedwa kale, ndipo ali pa yunivesite ya Oxford ku England iye ndi anzake ankasala kudya Lachitatu ndi Lachisanu, kuyendera akaidi, ndi kusanthula moyo wawo tsiku ndi tsiku. Mu 1735 anakwera chombo kupita ku Georgia, ku America, kukalalikira, koma anabwerako mtima uli wopanda mtendere, osatsimikiza za chipulumutso chake chomwe. Madzulo a pa 24 Meyi 1738 anapita monyinyirika ku msonkhano wina mu msewu wa Aldersgate ku London, kumene munthu wina ankawerenga mawu oyamba amene Martin Luther analemba pa kalata ya kwa Aroma. Luther naye anadutsa njira yomweyo: analowa m'nyumba ya amonke ku Erfurt, ku Germany, mu 1505, n'kumadzizunza ndi kusala kudya ndi kuulula machimo kwa maola ambiri, mpaka Aroma 1:17 inamutsegula maso kuti wolungama adzakhala ndi moyo mwa chikhulupiriro. Usiku umenewo Wesley anazindikira kuti akudalira Khristu yekha, ndipo kuti machimo ake, akewo, achotsedwa. Kodi anasiya kutumikira? Anayenda pa kavalo akulalikira m'madera a Britain kwa zaka zoposa 50, mpaka anamwalira mu 1791 ali ndi zaka 87. Ntchito inachuluka kuposa kale. Chimene chinasintha ndi choti sankagwiranso kuti agule chikondi cha Mulungu.

Chenjera ndi msampha wina, chifukwa ndikukudziwa. Ukawerenga kalatayi ukhoza kutsegula tsamba latsopano n'kuyamba kudziyeza ngati ukukhulupirira mokwanira, chikhulupiriro n'kusanduka ntchito inanso. Usatero. Bambo uja wa pa Marko 9 anabwera ndi mwana wake wodwala n'kufuula kuti akukhulupirira, koma Yesu amuthandize kusakhulupirira kwake, ndipo mwanayo anachira. Chikhulupiriro chake chinali chonjenjemera, koma anachibweretsa kwa munthu woyenera. Wachifwamba wa pa mtanda uja manja ndi miyendo zinali zokhomedwa. Sakanatha kubweza zimene anaba, kapena kupita kukachisi. Anangopempha kuti Yesu amukumbukire, ndipo anauzidwa kuti tsiku lomwelo adzakhala naye m'Paradaiso. Chimene chimapulumutsa ndi mphamvu ya Iye amene wamugwira, ngakhale dzanja lako likunjenjemera.

Za kudwala kwa mdzukulu wanga, ndikupempha uchotseretu maganizo amenewo. Ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake, ndipo Yesu anati si iye, si makolo ake (Yohane 9:3). Ana amadwala, a anthu osala kudya ndi a osasala omwe. Mwana akatentha thupi mupempherere, upite naye kuchipatala, ndipo usadziimbe mlandu. Mulungu amalanga ana ake mwachikondi kuti awawongole, monga Ahebri 12 ikunenera, koma sabwezera mayi pa thupi la mwana chifukwa choti sabata ino sanasale. Aroma 8:1 ikuti palibe kutsutsidwa kwa iwo amene ali mwa Khristu Yesu. Ndipo ukamva wina aliyense akulalikira kuti dalitso lako likudikira kuti uyambe wapereka ndalama zakutizakuti, ukumbukire mmene Petro anadzudzulira Simoni wamatsenga uja pa Machitidwe 8, pamene Simoniyo ankayesa kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama.

Tsono nazi zimene ndikukupempha ngati mayi ako. Khala pansi ndi mwamuna wako, muone maudindo onse amene wasenza kumpingo, ndipo pa uliwonse udzifunse ngati ukuuchita chifukwa umaukonda ndi kukonda anthuwo, kapena chifukwa ukuopa chimene chingakugwere ukausiya. Umene ukuuchita ndi mantha, ukauze abusa mwaulemu kuti ukufuna kupumako kaye. Mpingo ndi wa Khristu, sugwa chifukwa iwe wagona. Yesu mwini anauza ophunzira ake pa Marko 6:31 kuti apite padera akapumule pang'ono, pamene anthu ankachuluka mpaka iwo kusowa mpata wodya. Marita anatekeseka ndi ntchito zambiri potumikira Ambuye yemweyo, koma amene anayamikiridwa ndi Mariya, amene anakhala pansi pa mapazi ake n'kumamvetsera. Baibulo usasiye kuwerenga, kupemphera usasiye, ndipo ukafuna kusala kudya usale. Tsiku limene sunathe, mawa lake ungotsegula pamene unalekezera. Ukachimwa, ulape msangamsanga osadikira kuti uyambe wadzilanga masiku angapo, pakuti 1 Yohane 1:9 ikuti tikavomereza machimo athu, Iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira.

Sabata ino uwerenge Ahebri 4 ndi Ahebri 10 modekha, kenako undiimbire tikambirane zimene wapezamo. Ngati pali pamene sukugwirizana nane, undiuze mosaopa, ndiwe munthu wamkulu tsopano. Bambo ako akupereka moni, ndipo akuti uwauze mmene mwana akupezera. Upereke moni kwa apongozi anga ndi adzukulu anga onse.

Ndine mayi ako wokukonda.