Zikomo a SIL chifukwa cha zilembo za Charis

Kwa akuluakulu okonza zilembo za pakompyuta,
SIL, Dallas, Texas.

Akuluakulu,

Ndati ndikuthokozeni chifukwa cha Charis SIL, mtundu wa zilembo umene mudatulutsa mu 2006 n'kulola aliyense kuugwiritsa ntchito mwaulere. Ine ndimakonza timabuku ta sukulu ya kwacha pampingo pathu. Ophunzira ambiri ndi amayi ndi abambo achikulire, ena maso adayamba kale kuchita chidima.

Timabuku tathu sitifika ku makina akuluakulu osindikizira. Timapulinta kamodzi, kenako fotokope, nthawi zina fotokope ya fotokope inzake, papepala lotchipa, inki ili pafupi kutha. Zilembo za mizere yopyapyala zikadutsa mmenemu zimathothoka, "e" amaoneka ngati "c", ndipo munthu amene wangoyamba kulumikiza mawu amaganiza kuti wolephera ndi iyeyo. Charis sachita zimenezo. Timapazi take, timizere ta kunsonga kwa zilembo, n'tokhuthala, tamakona, mtundu uja wa slab serif, choncho chilembo chimatuluka chathunthu ngakhale makina atatopa. Si mwangozi ayi: mudamanga pa Charter, zilembo zimene Matthew Carter adajambula mu 1987 poganizira mapulinta oyambirira a laser, omwe sankatha kutulutsa bwino timizere tating'ono. Vuto limene ankalimbana nalo nthawi imeneyo, ife tikadali nalo mpaka lero.

Chimandisangalatsanso n'chakuti zilembo za timapazi tokhuthala zidayamba ndi ntchito ina. Vincent Figgins atazitulutsa ku London cha m'ma 1815, zinali zazikulu, zakuda bii, za pa zikwangwani zotsatsa malonda. Kuziweta kuti munthu awerenge nazo masamba ambiri osatopa, pamenepo ndiye pali luso.

Nkhani ina ndi ya ŵ. M'mitundu ina ya zilembo chilembochi mulibe, kompyuta imakabwereka kwina, basi "aŵiri" kapena "Malaŵi" amatuluka ndi chilembo chimodzi chosiyana ndi zinzake. Mu Charis chilimo, chakuda ndi chopendekeka chomwe, kachipewa kake kali pamalo pake.

Pa maphunziro oyamba timagwiritsa ntchito Andika, mtundu wina wa zilembo umenenso ndi wanu, popeza "a" wake amafanana ndi amene timalemba pabolodi. Ophunzira akafika powerenga nthano ndi ndime za m'Baibulo, timawasamutsira ku Charis.

Mutifikitsireko moni kwa onse amene adagwira ntchitoyi. Ambuye akudalitseni.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sukulu ya kwacha,
Dedza, Malaŵi.