A ku Mangochi tisamachite chibwana ndi dzuwa komanso madzi osefukira

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga a kuno ku Mangochi. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kuno si kwamasewera ayi, koma upeza agogo atsekeredwa m'nyumba ya malata masana onse, ana akuthamanga pa mchenga wootcha opanda nsapato. Chonde tiziwapatsa madzi akumwa pafupipafupi osadikira anene kuti ndili ndi ludzu, wina akayamba chizungulire mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi, kenako msangamsanga kuchipatala.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha mvula. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatenga abale athu ambirimbiri kummwera kuno, 2024 nyanja inadzadza mpaka madzi kulowa m'nyumba ndi m'maloji a m'mbali mwa nyanja, komabe mpaka lero wa kabaza amawoloka mtsinje wodzadza atakweza mayi ndi mwana kumbuyo eti chifukwa cha ndalama ya ulendo umodzi basi. Achimwene dikirani madzi aphwere, ofika m'mawondo okha akamathamanga amagwetsa munthu wamkulu. Tisaiwalenso kuti Shire ndi Malombe zikasefukira ng'ona zimafika mpaka m'minda.

Nanga kolera uja wa 2022 tamuiwala kale? Zimbudzi zikagwa ndi mvula zonyansa zimalowa m'zitsime, ndiye madzi tiziwiritsa kapena kuthira klorini. A zanyengo akachenjeza pa wayilesi, mafumu athu imbani mfuwu m'midzi, okhala kumadambo asamukire kumtunda kusanade.

Wowerenga wanu,
Mangochi Boma