Ukwati wa pachilumba umayambira pa mipando ya m'boti

Akonzi,

Achinyamata ambiri masiku ano akulota zokamangira banja pa kachilumba ka zii, kopanda chinamtindi cha alendo. Zithunzi za pa Facebook ndi Instagram zimaonetsa mchenga woyera ndi dzuwa likulowa, koma boti limene linawolotsa anthuwo silioneka. Tiloleni tifotokoze pamene zinthu zimasokonekera.

Musanasindikize makadi, werengani mabedi ndi mipando ya ulendo. Chilumba chimakhala cha zii chifukwa kufikako n'kovuta. Ku La Digue, m'dziko la Seychelles, kulibe bwalo la ndege. Munthu amatera pa chilumba chachikulu cha Mahé, n'kukwera boti pafupifupi ola lathunthu kukafika pa chilumba cha Praslin, kenaka n'kukweranso lina mphindi 15. Ku Mafia, m'dziko la Tanzania, anthu ambiri amapita pa tindege ta Cessna Caravan tonyamula anthu 12 kapena 13, choncho alendo 40 ndiye kuti maulendo anayi. M'tindege timeneti katundu amaloleza makilogalamu 15 mpaka 20 pa munthu, m'chikwama chofewa, osati sutukesi yolimba. Diresi la mkwatibwi, masuti, zokongoletsera ndi zakumwa zonse ziyenera kukwana mu mlingo umenewo. Akwati afike kutatsala masiku anayi kapena asanu, alendo kutatsala awiri, chifukwa nyanja ikalusa boti silinyamuka ndipo palibe amene mungamudandaulire.

Za mapepala ndiye zimene zimagwetsa anthu mphwayi, pomwe ndi mutu wa nkhani yonse. Si mwambo uliwonse wa pagombe umene boma limauona ngati ukwati. Ku Maldives, mwachitsanzo, mwambo umene mahotela amachitira alendo ndi wongokondweretsa, ulibe mphamvu pa lamulo. Kumene amalola alendo kukwatirana, kawirikawiri amafuna pasipoti yosatha msanga, satifiketi yakubadwa, kalata yotsimikiza kuti palibe choletsa ukwatiwo, ndiponso chikalata cha khoti kwa amene banja linatha kapena satifiketi ya imfa kwa wamasiye. Maiko amene ali m'pangano la ku Hague la 1961 amafuna chidindo cha apostille, chotsimikiza kuti mapepalawa ndi enieni, ndipo ngati chilankhulo n'chosiyana amafunanso womasulira wovomerezeka. Msampha uli pa kalata yotsimikiza ija: imakhala ndi nthawi yake yogwira ntchito, nthawi zambiri miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Mukaitenga msanga imatha mphamvu tsiku lisanafike, mukachedwa simupeza nthawi yoidinditsa. Pa kachilumba kakang'ono wolembetsa maukwati amatha kukhala mmodzi, mwinanso wochokera ku chilumba china. Maganizo athu ndi akuti lembetsani ukwati ku ofesi ya boma ya dziko lanu musananyamuke, kuchilumbako mukangochita chikondwerero. Ena amati zimenezi zimachotsa kukoma, koma pa zithunzi palibe amaona kusiyana.

Nyengo muifunse ya chilumba chenichenicho, osati ya dziko lonse. Chilumba cha Rodrigues, chimene chili makilomita pafupifupi 560 kum'mawa kwa Mauritius, chili m'njira ya anamondwe kuyambira Novembala mpaka Epulo. Ku Mafia mvula yamphamvu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo malo ena ogona amatseka. Ku Seychelles anamondwe safikako kawirikawiri, koma mphepo ya kummwera chakum'mawa ya Meyi mpaka Seputembala imawindula nyanja ndi kutaya udzu wa m'madzi pa magombe ena. Gombe lomwelo limene munaliona loyera pa chithunzi cha Febuluwale mukhoza kulipeza lakuda ndi lonunkha mu Julayi. Mitengo ikatsika kwambiri mwezi wina, funsani chifukwa chake.

Pali chinanso chimene anthu ozolowera nyanja za madzi opanda mchere sachiganizira: nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Pa gombe la kum'mawa kwa Africa madzi amakwera ndi kutsika mamita atatu mpaka anayi mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa. Pamene munaika mipando masana pakhoza kumira pofika madzulo, kapena madzi n'kuthawa kutali n'kusiya matope. Pezani ndandanda wa kudzaza kwa nyanja wa tsikulo musanasankhe ola. Kufupi ndi equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, ndipo mdima umagwa pasanathe theka la ola. Malumbiro ayambe cha m'ma 4 koloko kuti wojambula apeze kuwala.

Magetsi ambiri kumeneko ndi a jenereta kapena a dzuwa. Funsani mphamvu yake mu kVA, mlingo woyezera mphamvu ya jenereta, ndipo muphatikize mafiriji, zokuzira mawu ndi nyali zonse zikayaka pamodzi. Jenereta yachiwiri ikhale yoyesedwa kale, mafuta ali pambali. Keke ya kirimu wa batala imayamba kusungunuka kutentha kukadutsa madigiri 30, choncho ituluke m'firiji nthawi yodula itayandikira. Maluwa ochokera kunja amafuna satifiketi ya zaumoyo wa zomera, apo ayi amalandidwa pabwalo la ndege. Maluwa othyoledwa pachilumba pomwepo ndiwo amapirira dzuwa.

Musaiwale agogo ndi odwala. Tizilumba tambiri tili ndi kachipatala kakang'ono chabe, motero mlendo aliyense akhale ndi inshulansi yolipira ndege yothamangitsira wodwala kuchipatala chachikulu. Amene akufunika katemera wa yellow fever abayitse msanga, chifukwa satifiketi yake imayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10.

Pomaliza, za pangano ndi hotela. Lilembe poyera amene adzalipire usiku woonjezera boti likalephera kunyamuka, chipinda chimene mwambo udzasamukire mvula ikagwa ndi chiwerengero cha anthu amene amakwanamo, komanso tsiku lomaliza losinthira chiwerengero cha alendo popanda chindapusa. Ndalama yoyamba mulipire pokhapokha zitatuzi zitalembedwa ndi kusainidwa.

Owerenga anu,
Okonza maulendo a maukwati