Mbiri ya Transvaal Scottish tiziinena yonse

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndinenepo za gulu la asilikali limene kale linkatchedwa Transvaal Scottish. Kuno ku Johannesburg alipobe ena amene akudandaula kuti mu 2019 boma linalisintha dzina n'kulitcha Solomon Mahlangu Regiment, ati mbiri yafufutidwa. Ine ndikuti amene anayamba kuifufuta ndi iwo omwe, chifukwa amaikamba modumphadumpha.

Gululi linakhazikitsidwa mu 1902, nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu itangotha. Analiyambitsa ndi Marquess of Tullibardine, mwana wa Duke of Atholl, n'chifukwa chake asilikaliwo ankavala masiketi a nsalu yamizeremizere ya banja la Murray, zitoliro zikulira patsogolo. Usilikali sunali ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ayi. Anali azungu obwera kuchokera ku Scotland, ogwira ntchito m'migodi ya golide ndi m'maofesi, amene ankadzipereka okha.

Odandaulawa amathamangira kutchula nkhondo za ku Delville Wood ku France mu 1916, Sidi Rezegh ku Libya mu 1941 kumene batalioni yachitatu inatsala pang'ono kutheratu, ndi Tobruk, ku Libya komweko, mu 1942 kumene yachiwiri inagwidwa ukapolo. Zoonadi, anyamata anathera kumeneko, sindikutsutsa. Ngakhale ku Ethiopia anathamangitsa Mataliyana pa nkhondo yomwe agogo athu a King's African Rifles anamenya nawo, ngakhale kuti awowo satchulidwa kawirikawiri.

Nanga 1906 bwanji amaidumpha? Boma la Natal linaika msonkho wa paundi imodzi pamutu pa mwamuna, pamwamba pa msonkho wa nyumba. Mfumu Bambatha, imodzi mwa mafumu a Azulu, inakana n'kuthawira m'nkhalango ya Nkandla ndi anthu ake. Amuna ena a Transvaal Scottish analowa gulu la Natal Rangers kukathandiza kuwasaka. Pa 10 June ku Mome Gorge, Azulu onyamula mikondo ndi zishango anatsekerezedwa m'chigwa n'kuwomberedwa ndi mizinga. Mtembo umene anati ndi wa Bambatha anaudula mutu kuti anthu akhulupirire kuti wafadi. Pomwe zinkatha, Azulu oposa 3,000 anali atafa, nkhani yake ya msonkho basi. Ife a kwa Chilembwe zoterezi sitifuna wotimasulira.

Mu 1922 gululi linatumizidwanso, ulendo uno kukalimbana ndi azungu anzawo, ogwira ntchito m'migodi amene ananyanyala pofuna kuti ntchito za malipiro abwino zikhalebe za azungu okha. Asilikali angapo a gululi anaphedwa pa Dunswart pafupi ndi Benoni.

Mahlangu, womenyera ufulu wa chipani cha ANC, ananyongedwa ndi boma la tsankho ku Pretoria pa 6 April 1979, ali ndi zaka 22. Kaya dzina lake likuyenera gulu limeneli kaya ayi, atsutsane eni dziko. Langa ndi pempho kwa Amalawi anzanga: mukapita ku The View ku Parktown, kumene amasunga mamendulo ndi zithunzi za gululi, mukafunsenso za Mome Gorge.

Ine wowerenga wanu,
Johannesburg