Chilengezo: Msonkhano wa mwezi uno ukhudza makompyuta ndi mafoni pantchito yathu

Mamembala nonse, anamwino, madokotala, a mu labotale ndi ena,

Tikukudziwitsani kuti pamsonkhano wa mwezi uno tidzakambirana mmene makompyuta ndi mafoni asinthira ntchito yathu. Ambirife tinazolowera kaundula wa mapepala, koma lero mbiri ya wodwala ikulembedwa pakompyuta, ndipo m'maiko ambiri malipoti akudutsa mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo.

Nkhani imene tidzakhalitsepo ndi ya X-ray. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti mapulogalamu a pakompyuta aziwerenga zithunzi za pachifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Pulogalamuyo imangoloza amene akuyenera kuyezedwa makhololo. Kutsimikiza matenda ndi kuyankhula ndi wodwala ikadali ntchito yathu. Tikudziwa kuti ena muli ndi nkhawa, ndiye mudzabwere nazo, tidzamve.

Tidzakhudzanso za chinsinsi cha odwala, makamaka chizolowezi chotumizirana zithunzi zawo pa WhatsApp. Kunena zoona, chimenechi chatikulira.

Mudzabwere ndi foni kapena laputopu. Amene simudzakwanitsa kufika, dziwitsani mlembi msanga.

Zikomo,
Komiti