Ufulu wochita apilo umayambira pa zenera la kalaliki wa khoti

Akonzi,

Ndikupempha kadanga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za ofesi imodzi imene siitchulidwa kawirikawiri pa wailesi, koma imene munthu aliyense wosakhutira ndi chigamulo cha khoti sangathe kuilambalala. Ndikunena ofesi ya a rejisitala ndi akalaliki awo, kumene mapepala a milandu amalandiridwa, kudindidwa, kupatsidwa nambala ndi kusungidwa. Tikamakamba za makhoti timathamangira kutchula majaji ndi maloya, pomwe munthu wamba wochokera kumudzi amayamba waima pa zenera la kalaliki, ndipo zimene angamve kapena kulephera kumva pa zenera limenelo ndi zimene zimatsegula kapena kutseka njira yake yonse.

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, salankhula mozungulira pa nkhaniyi. Ndime 41 imapatsa munthu aliyense ufulu wofika kubwalo la milandu kuti nkhani yake iweruzidwe, ndipo ndime 42 imati woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wokadandaula kukhoti lalikulu kuposa limene linamuweruza, komanso kuti mlandu wake uzengedwe m'chilankhulo chimene akumva kapena amumasulire boma likulipira. Njira yake ndi yodziwika kwa ophunzira malamulo: wosakhutira ndi chigamulo cha majisitireti amapita ku High Court, imene ili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo wosakhutira ndi High Court amapita ku Supreme Court of Appeal, limene ndime 104 imalitcha khoti lomaliza pa nkhani za apilo, ndipo likulu lake lili ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Funso langa ndi lakuti, kodi mayi wa ku Nthalire kapena mlimi wa ku Makhanga amaidziwira kuti njira imeneyi ngati palibe womuuza?

Ndikulemba ngati munthu amene ndinaiyendapo njirayi. Zaka zingapo zapitazo mwana wa mchemwali wanga anagamulidwa kukakhala kundende pa mlandu umene iye ankaukana, ndipo ine monga malume ake, mwini mbumba, udindo wothamangathamanga unagwera pa ine. Sinditchula khotilo, pakuti cholinga changa si kuloza chala munthu. Tsiku la chigamulo tinatuluka m'bwalo mitu itaima, mayi ake akulira, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anatolapo kuti pali masiku owerengeka ochitira apilo. Tinabwerera kumudzi, tinakhala pansi monga banja, tinagulitsa mbuzi ziwiri kuti tipeze ya thiransipoti ndi ya mapepala, ndipo pamene ndinkafikanso kukhotiko panali patapita masabata atatu. Pamenepo ndi pomwe ndinamva koyamba kuti pa mlandu wotere, wochokera kwa majisitireti, lamulo limapereka masiku 10 okha kuti munthu apereke chidziwitso cholembedwa chakuti akufuna kuchita apilo, ndipo wochedwa amayenera kuyamba wapempha chilolezo cha khoti ndi kufotokoza chimene chinamuchedwetsa. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo ife tinkadalira mawu amenewo, osadziwa kuti masiku a apilo ndiye amatha munthu akadasakasaka ndalama ya basi.

Ofesi imene ndinkapitako ndikuikumbukira bwino. Panali benchi limodzi pakhonde, pamene tinkakhala mothithikana kuyambira m'mawa, ndipo kuseri kwa kauntala kunali mafayilo omangidwa ndi tizingwe, ena pa mashelufu, ena ataunjikidwa pansi mpaka kufika m'chiuno mwa munthu. Buku lalikulu lachikuto cholimba ndilo linali ndi mayina ndi manambala a milandu yonse, olembedwa pamanja. Maulendo anayi ndinayankhidwa kuti fayilo sikuoneka, kapena kuti zolemba za mlanduwo sizinatayipidwe, ndibwerenso sabata yamawa. Pa ulendo wachisanu ndinapeza kalaliki wina, mayi wachikulire, amene anandifunsa kuti, "Bambo, nambala ya mlandu wanu muli nayo?" Nditayankha kuti ndilibe, anatsegula buku lija, anayenda ndi chala mzere ndi mzere mpaka anapeza dzina la mnyamatayo, analemba nambalayo pa kapepala, kenako anandifotokozera m'Chichewa chomveka kuti fayilo ili pa gawo liti, chotsatira n'chiyani, ndi kuti ndikaonane ndi a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya. Sizinamutengere mphindi khumi. Zimene anandiuza mayiyo zikanakhala zolembedwa pa khoma, maulendo anayi aja ndi ndalama zake sizikanalowa m'madzi.

Anthu ambiri sadziwa chifukwa chake ofesiyi ili yofunika kwambiri pa apilo kusiyana ndi pa mlandu woyamba. Majaji omva apilo kawirikawiri saitananso mboni kuti zidzalankhule kachiwiri. Iwo amawerenga zimene zinalembedwa pa nthawi yozenga mlandu: umboni wa mbali zonse, mafunso ndi mayankho, zikalata zimene zinaperekedwa, ndi chigamulo chenichenicho. M'makhoti athu ambiri woweruza amalemba yekha pamanja zonse zimene zikunenedwa, choncho zolembazo zimayenera kutayipidwa, kuonedwa ngati zili zolondola, kusanjidwa ndi kutumizidwa kukhoti lapamwamba. Ntchito yonseyi imadutsa m'manja mwa akalaliki. Iwo ndiwo amadinda tsiku limene chidziwitso cha apilo chalandiridwa, ndipo chidindo chimenecho ndicho umboni wakuti munthu sanachedwe. Iwo ndiwo amakonza mndandanda wa milandu imene imvedwe ndi kudziwitsa mbali zonse za tsiku lake. Tsamba limodzi likasowa m'fayilo, mwina ndi lomwelo limene linali ndi mawu opulumutsa munthu.

Dziko lino linaona kale kuopsa kwa mafayilo osowa. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, High Court inagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kukakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, popanda kumva zifukwa zochepetsera chilango. Akaidi amene anali atalandira kale chilangocho anayenera kubwereranso kukhoti kuti zilango zawo ziunikidwe, koma ntchitoyi inadzayamba mwamphamvu mu 2015, ndipo itayamba zinapezeka kuti mafayilo a ambiri mwa iwo anali atasowa kapena anali osakwanira. Maloya ndi othandiza pa za malamulo anachita kuyenda m'midzi kufunsa achibale ndi mafumu kuti apezenso mbiri ya milanduyo. Ambiri mwa akaidiwo anatulutsidwa pambuyo pake, ena atakhala m'ndende zaka zochuluka kwambiri. Ngati izi zinachitika pa milandu ikuluikulu imene dziko lonse linkaiyang'ana, tiganize za fayilo ya mnyamata wogamulidwa pa nkhani ya njinga kapena ya ndewu ya pamsika.

Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikunena kuti akalaliki asanduke maloya. Kalaliki saloledwa kuuza munthu ngati apilo yake ipambana kapena ayi, ndipo sayenera kukondera mbali iliyonse. Izi n'zoyenera ndithu. Koma kuuza munthu kuti ali ndi masiku angati, pepala loyenera kulemba ndi liti, ndalama yolipira ndi zingati, fayilo yake yafika pati, si uphungu wa loya ayi, ndi ntchito ya ofesi ya boma kwa nzika imene imalipira msonkho. Mwachitsanzo, pa milandu imene si yaupandu, wofuna kuchoka ku High Court kupita ku Supreme Court amakhala ndi masabata 6 ngati chigamulocho chili chomaliza, ndi masiku 14 okha ngati chili chigamulo chapakati mlandu usanathe. Zimenezi si chinsinsi, zili m'malamulo, koma malamulowo ali m'Chingerezi cha maloya, m'mabuku amene munthu wamba sadzawagwirako. Timati safunsa anadya phula, komatu wofunsayo amafunika apeze womuyankha.

Pamene palibe womuyankha m'pamene pamamera madobadoba. Aliyense amene anayendapo m'maofesi a boma amawadziwa anthu amenewa, oima pafupi ndi geti, amene amamuona munthu akuyang'ana uku ndi uku n'kumufikira mwaulemu kuti amuthandize, kenako n'kumutchulira ndalama imene sidzakhala ndi lisiti. Mankhwala ake si ovuta. Pa khomo la ofesi iliyonse yolandira mapepala a apilo pakhale chikwangwani cholembedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina za m'deralo, chofotokoza masiku, mapepala ofunika ndi mitengo yake, ndiponso chonena momveka kuti ndalama iliyonse yolipidwa kukhoti imakhala ndi lisiti la boma. Pakhalenso nambala ya foni imene imayankhidwa, kuti munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje asamakwere basi tsiku lathunthu kukangomva kuti mlandu wake wasunthidwa. Masiku ano pafupifupi m'mudzi uliwonse muli foni ya m'manja, ndipo ngati mabanki ndi makampani a mafoni amatitumizira uthenga pa kandalama kalikonse kamene kalowa, khoti lingathenso kutumiza uthenga wachidule wonena tsiku la mlandu.

Kuti zimenezi n'zotheka, makhoti athu anatisonyeza okha. Pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019, dziko lonse linkamvera zokambirana za m'khoti pa wailesi, zikumasuliridwa m'Chichewa, ndipo m'maminibasi ndi m'misika anthu ankatsutsana za mboni ndi mafomu ngati anali m'bwalomo. Pa 3 February 2020 majaji asanu anathetsa zotsatira za chisankhocho, pa 8 May khoti la Supreme, motsogozedwa ndi Jaji Wamkulu wa nthawiyo a Andrew Nyirenda, linagwirizana nawo, ndipo pa 23 June tinavotanso. Anthu ambiri anachilandira chigamulo chija chifukwa anadzimvera okha mmene nkhani inayendera. Chimene ndikupempha ndi chakuti mtima womwewo wotsegulira anthu zitseko utsikirenso pa milandu ing'onoing'ono ya tsiku ndi tsiku, imene ilibe atolankhani oitsatira.

Pa nkhani ya zigamulo zolembedwa ndiyamikire kuti zambiri za High Court ndi Supreme Court zikupezeka mwaulere pa intaneti, pa tsamba la MalawiLII. Zimenezi zathandiza maloya, ophunzira ndi atolankhani, koma zili m'Chingerezi ndipo zimafuna bandulo, choncho mwini mlandu wa kumudzi amadalirabe kalaliki kuti amupatse kope la chigamulo chake. Ndime 37 ya malamulo oyendetsera dziko imatipatsa ufulu wodziwa zimene boma likusunga, ndipo lamulo lapadera lokhudza ufuluwu linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Ndikuvomereza kuti milandu ya ana ndi ya ogwiriridwa iyenera kutetezedwa kuti mayina asamwazike. Kupatula yotereyi, munthu wopempha kope la chigamulo cha mlandu wake auzidwe tsiku lenileni lodzatenga, ndipo tsikulo likafika alipeze.

Kungakhale kupanda chilungamo kusenzetsa akalaliki katundu yense. Ambiri a iwo amagwira ntchito m'zipinda zothina, ndi kompyuta imodzi yogawana anthu angapo, magetsi akuzimazima, nthawi zina mapepala ndi inki zitatha. Tikukumbukira mmene makhoti anatsekedwera kwa masabata angapo mu 2012 komanso mu 2017, pamene ogwira ntchito m'makhoti ananyanyala podandaula za malipiro ndi zina zowayenera, ndipo amene anavutika kwambiri anali oyembekezera milandu m'zitolokosi za apolisi ndi m'ndende. Aphungu a Nyumba ya Malamulo akamagawa ndalama za boma azikumbukira kuti makina ojambulira mafayilo kuti asungidwe pa kompyuta, otayipa okwanira ndi mashelufu abwino ndi mbali ya chilungamo chimene amatilonjeza pa misonkhano. Pempho langa kwa Jaji Wamkulu a Rizine Mzikamanda ndi a rejisitala awo ndi lakuti pa khoti lililonse lalikulu pakhale tebulo limodzi la mafunso, lokhala ndi munthu wophunzitsidwa kulandira anthu wamba, ndipo a Legal Aid Bureau kapena a bungwe la PASI, amene amathandiza kale akaidi m'ndende zathu, apatsidwe malo pafupi ndi tebulolo.

Apilo ya mwana wa mchemwali wanga inadzamvedwa ndithu, ndipo chilango chake chinachepetsedwa, koma pofika tsikulo anali atatsala pang'ono kumaliza chilango choyamba chija. Miyezi imene inatayika pakati pa kusadziwa kwathu ndi kudikira zolemba palibe angatibwezere. N'chifukwa chake ndikupemphanso inu akonzi kuti mupatule tsamba limodzi m'nyuzipepala yanu, mufunse odziwa malamulo, mulembe m'Chichewa masiku ndi njira zochitira apilo kuti anthu adule tsambalo n'kulisunga m'nyumba. Ndipo tsiku lina tumizani mtolankhani wanu akakhale pa benchi la pakhonde la khoti kuyambira m'mawa mpaka madzulo, afunse amene akudikira pamenepo kuti achokera kuti, alipira zingati pa basi, ndipo ulendo umenewu ndi wachingati.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Ntcheu