Zikomo a HR, tsopano tikuphunzitsa opanda mantha

Kwa Bwana wamkulu ndi nonse a mu ofesi ya HR,

Ndikulemba m'malo mwa anzanga a mu dipatimenti ya masamu ndi sayansi. Tikudziwa kuti makalata omwe mumalandira ambiri amakhala a madandaulo, za salale, za livi, za pulomoshoni yomwe sikutuluka, ndiye tagwirizana kuti ulendo uno mulandireko yothokoza.

Chachikulu ndi momwe mwasinthira kaunikidwe ka ntchito yathu. Kale woyendera ankangotulukira m'kalasi ndi fomu yake, kukhala kumbuyo, kuchongachonga, basi wapita, zomwe walemba sumaziona mpaka pa intavyu ya pulomoshoni nkumva kuti failo yako siili bwino. Ndiye ndani angayese njira yatsopano zinthu zili choncho? Aliyense ankangokakamira lesoni pulani ya chaka chatha, manotsi pa bolodi, ana akopere, chifukwa njira imeneyo sikuchititsa manyazi pamaso pa mlendo ngakhale theka la kalasi lisanamve kanthu. Pano tsiku timalidziwiratu, tikamaliza timakhala pansi nkukambirana, fomu timaiwerenga tisanasaine ndipo pali malo olembapo mbali yathu ngati sitikugwirizana nazo. ILO ndi UNESCO, mabungwe a United Nations oona za ntchito ndi za maphunziro, anazilemba kalekale izi mu 1966, kuti mphunzitsi azidziwa zomwe amulembera, azitha kuchita apilo, komanso akhale ndi mawu posankha njira ndi zipangizo zophunzitsira, koma enafe taziona zikuchitika pano.

Zotsatira zake mwina simuziona muli mu ofesimo. Mnzathu wina wa masamu anayesa kupatsa ana funso limodzi lovuta kuti alimbane nalo m'magulu asanawaonetse fomula. Tsiku loyamba linali phokoso lokhalokha, belu linalira palibe gulu lomwe lamaliza, zikanakhala kale akanalembedwa kuti satha kugwira kalasi ndipo sakanayesanso. Koma pokambirana woyendera anamulangiza kuti adule funsolo pawiri komanso kuti gulu lililonse lizikhala ndi wolemba, ndiye pano ngakhale ana aja ankangokhala chete kumbuyo akumatsutsana za mayankho, enafe tayamba kutengera.

Piriyodi ija munagwirizana ndi ahedi kuti izikhala yokonzera limodzi phunziro nayo yathandiza kwambiri, wina aphunzitsa ena tikuonerera, kenako tikonza pomwe panavuta. Aphunzitsi a ku Japan akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo chomwe chimafunika kwenikweni ndi nthawi yolembedwa pa thayimutebulo, osati kutiuza kuti tizikumana tikaweruka titatopa kale.

Za mawekishopu tisaiwale. Mndandanda mukumauika poyera, sakumapitanso anthu omweomwewo othamangira alawansi, ndipo wopita akabwera amatifotokozera zomwe waphunzira. Salale nayo ikumalowa nthawi yake, munthu sakumalowa m'kalasi mutu uli ku ngongole.

Pempho lathu ndi limodzi. Aphunzitsi omwe mwawapatsa ntchito yothandiza anzathu ongoyamba kumene akadali ndi mapiriyodi onse monga kale, moti amakumana ndi atsopanowo pothamanga pa buleki. Muwachepetsereko pang'ono teremu ikubwerayi, tikhala okondwa kubwera kudzakambirana nanu momwe tingagawanirane makalasi awo.

Zikomo kwambiri, Bwana.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi, m'malo mwa dipatimenti yonse